Tenti, mbedza ndi madzi a mumpopi pamwamba pa phiri la Zomba

Munthu akamatsegula mpopi ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi saganiza za phiri. Koma madzi amene akudzaza ndowa yakewo amakhala atagona pamwamba pa phiri la Zomba, m'damu la Mulunguzi, pamalo omwe kumapeto kwa sabata pamafika magalimoto ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ena mwa alendowo amabwera ndi matenti, ena ndi ndodo zowedzera, ena ndi nsapato zolimba ndi botolo la madzi basi. Pamene iwo akukwera, mumsewu womwewo mumakhala mukutsika njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa mwini njingayo, ndi amayi a mitolo pamutu. Dera limodzi lomweli ndi nkhokwe ya madzi akumwa, ndi munda wa mitengo ya matabwa, ndi kotola nkhuni, komanso ndi kokapitidwa mphepo. Nkhani yagona pakuti ntchito zonsezi zingakhalire limodzi motani, ndiponso ndani akulipira kuti malowa akhalepobe.

Kuti munthu amvetse, ayambe waona kapangidwe ka phirilo. Zomba ilibe nsonga imodzi yosongoka. Pamwamba pake pali ngati lichero lopendekeka pang'ono: m'mphepete mwazungulira zitunda, pakati n'polowa, ndipo madzi ambiri amatsetserekera mbali imodzi. Chitunda chachitali koposa ndi Malumbe, chomwe chimapitirira pang'ono mamita 2,080, pomwe tauni ya Zomba ili pamamita pafupifupi 900 ndipo hotela ya Ku Chawe ili cha pamamita 1,500. Kumpoto kuli chigwa cha Domasi, chomwe chimalekanitsa Zomba ndi mnzake Malosa. Mvula yogwa m'licheromo imasonkhana m'dambo, n'kukhala mtsinje wa Mulunguzi. Mtsinjewo umagwa pamathithi a Williams, umadutsa pa Trout Farm, umagwanso pamathithi a Mandala, kenako umalowa m'damu. Madzi otsala akatuluka m'damumo amatsika phiri, amadutsa m'munda wa zomera wa Botanical Gardens, amakathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathera m'nyanja ya Chilwa. Choncho amene wasamba ndi sopo pamwamba paja wasambitsa anthu ambiri amene sawadziwa.

Damu limene lilipo lero linamalizidwa cha m'ma 2000, ndipo likuyang'aniridwa ndi Southern Region Water Board, bungwe lomwe likulu lake lili mu Zomba momwemo. Limasunga madzi opitirira makiyubiki mita 3 miliyoni. Kiyubiki mita imodzi ndi zigubu 50 za malita 20, ndiye kuti likadzaza muli zigubu zoposa 150 miliyoni. Ubwino wake waukulu ndi wakuti lili pamwamba: madzi amatsika okha m'mapaipi mpaka kumalo owayeretsera, popanda kuwakankha ndi magetsi. Anthu a ku Blantyre amadziwa kuwawa kwa njira inayo, chifukwa madzi awo ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry kukwera mtunda wautali, ndipo magetsi akavuta mipopi imauma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba. Mumzindamo muli University of Malawi, chipatala chachikulu, ndende, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi sukulu zogonera komweko. Onsewa amayang'ana kuphiri.

Damuli silinamangidwe kuti anthu azijambulirapo zithunzi za chinkhoswe. Kukongola kwake kunangobwera ngati basera.

Mlendo amene waima m'mphepete mwa madziwo n'kunena kuti wafika m'chilengedwe chosakhudzidwa ndi munthu walakwitsa pafupifupi pa chilichonse chimene akuona. Nkhalango ya phiri la Zomba inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1913, nthawi imene Zomba inali likulu la boma la atsamunda, ndipo ndi imodzi mwa nkhalango zoyamba kutetezedwa m'dziko muno. Koma kuteteza kwa nthawi imeneyo kunaphatikizapo kudzala. Paini amene wadzaza malo ambiri pamwambapo, wa masamba olendewera uja, kwawo ndi ku Mexico. Mkungudza umene umapezeka m'madera ena unachokera ku Mulanje, ndipo dzina lake la sayansi limakumbutsa Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene anayambitsa munda wa Botanical Gardens m'zaka za m'ma 1890. Zipatso zachikasu zija zimene anyamata amagulitsa m'timbale m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi sitiroberi, jamu ndi magalagadeya, zimachokera ku chitsamba chaminga cha kumapiri a Himalaya. Nsomba imene awedzi amaifuna ndi ya ku North America. Damu ndi la mainjiniya. Za pakhomo zenizeni zatsala m'timizere ta nkhalango yobiriwira chaka chonse m'mbali mwa mitsinje, m'madambo a udzu pamwamba, ndi m'nkhalango za miombo ndi masuku m'mapiko a phiri.

Zimenezi sizichepetsa kukoma kwa malowa. Zikungosonyeza kuti ndi malo olimidwa, ofuna dzanja la munthu chaka ndi chaka. Munda wa paini umafuna kupatulira, kudulira nthambi, kulambula njira zotchinga moto, kukolola ukakhwima patatha zaka 25 kapena 30, ndi kudzalanso. Imodzi mwa ntchitozi ikalekeka, zotsatira zake zimaoneka m'madzi.

Nsomba ndiyo imafotokoza bwino nkhani imeneyi. Trout, mtundu wa utawaleza m'nthiti uja, inabweretsedwa m'mitsinje ya paphiri pano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi azungu amene ankafuna kuwedza monga ankachitira kwawo. Inakhazikika chifukwa cha kuzizira. Trout imasangalala m'madzi a madigiri apakati pa 10 ndi 16, imayamba kuvutika akapitirira 20, ndipo akafika cha m'ma 25 imafa. Chifukwa chake n'chakuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pomwe nsomba imeneyi imafuna mpweya wambiri. N'chifukwa chake m'Malawi imapezeka pamalo okwera okha monga Zomba, Mulanje ndi Nyika, ndipo mu Chilwa singakhale ngakhale tsiku limodzi. Kuswana kwake nakonso n'kovuta. Yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira m'timiyala ta pansi pa mtsinje wothamanga, imaikira mazira, n'kukwirira. Mazirawo amapuma ndi madzi odutsa m'mipata ya timiyalato. Matope akatsika kuchokera pamalo amene adulapo mitengo kapena pamene papsa, amatseka mipatayo ndipo mazira amabanika. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikagwetsedwa, dzuwa limawomba pamadzi ndipo amafunda.

Apa m'pamene mwedzi ndi mainjiniya wa madzi amakumana osadziwana. Matope amene amapha mazira a trout ndi omwewo amene amadzaza pansi pa damu n'kuchepetsa madzi amene lingasunge, ndi omwewonso amene amachititsa kuti pakhale mankhwala ambiri oyeretsera madzi asanafike kumpopi. Mtsinje umene trout ikuswana yokha ndi mtsinje wotchipa kuyeretsa. Trout Farm inakhazikitsidwa kuti iziswetsa nsombazi m'maiwe n'kumathira m'mitsinje, koma ntchitoyo yakhala ikuyenda modukizadukiza, ndipo awedzi akale amanena poyera kuti masiku ano munthu angathe kutha tsiku lonse osamva ngakhale kugwedeza. Ku kadamu kakang'ono ka Chagwa, chakum'mawa kwa lichero lija, nsomba yodziwika ndi black bass, nayonso ya ku America, yomwe imapirira madzi ofunda kuposa trout.

Kawedzedwe kakenso n'kachilendo kwa munthu amene anakulira pa nyongolotsi ndi chingwe cha nsungwi. Wowedza trout amamangirira tinthenga ndi ulusi kumbedza kuti ioneke ngati kachilombo kogwera pamadzi, ndipo amaponya chingwe mochikupiza m'mwamba kangapo chisanatere. Ambiri akagwira amaiyang'ana, amaijambula, n'kuibwezera m'madzi. Msodzi wa ku Kachulu, amene wagona pabwato usiku wonse kufuna matemba, makumba ndi mlamba, ataona zimenezi angafunse ngati munthuyo ali bwinobwino. Koma m'mtsinje waung'ono chotere muli nzeru: nsomba ndi zowerengeka, ndipo imodzi yomweyo ingabweretse alendo atatu olipira chilolezo, malo ogona ndi wowaperekeza, pomwe mumphika ikanangotha ndi nsima imodzi. Malamulo a dziko lino amafuna kuti wowedza mwamasewera akhale ndi chilolezo, ndipo poti madziwa ali m'nkhalango ya boma komanso ndi akumwa, woponya mbedza ayenera kuyamba waonana ndi oyang'anira malowo. Ukonde wa udzudzu ndi mankhwala ophera nsomba, amene awononga mitsinje yambiri kumunsi, pano angawononge zambiri kuposa nsomba.

Pali mbali ina imene okonda trout sakonda kuimva. Bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN lili ndi mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikasamutsidwira kudera lachilendo. Trout ya utawaleza ilipo. Bass wa kamwa lalikulu alipo. Chitsamba cha zipatso zachikasu chija chilinso pomwepo. Trout imadya tizilombo ta m'madzi, mbululu ndi tinsomba ting'onoting'ono, ndipo m'mitsinje ya kumapiri a ku South Africa yachepetsa kwambiri nsomba za komweko. Palibe amene angabweze zaka 100 pa Zomba, koma ndi nzeru kusaithira m'mitsinje imene sinafikemo. Chitsamba chija nacho chimalanda malo paliponse pamene nkhalango yatseguka, n'kutsamwitsa mbande za mitengo yachilengedwe. Ana amene amathyola zipatso zake amapeza ya sopo ndi makope. Wa zankhalango amachiona ngati mdani. Onse awiri akunena zoona.

Kuyenda wapansi ndiko kumakopa anthu ambiri, ndipo n'kumene sikufuna ndalama zambiri. Njira yotchuka ndi Potato Path, imene alimi ankatsitsira kachewere kuchokera kuphiri kupita kumsika. Imayambira m'tauni chakumtunda kwa nyumba zakale za boma ndipo imakwera mamita pafupifupi 600, ulendo wa maola awiri kwa munthu wa mphamvu zapakatikati, wothetsa mpweya koma wosafuna chingwe kapena luso lapadera. Pamwambapo njira zake n'zofatsa. Kuchokera ku Ku Chawe munthu amatsatira m'mphepete mwa damu, amafika pamathithi a Mandala, amadutsa Trout Farm, n'kukafika pa Williams, pafupifupi njira yonse ali mumthunzi. Mumitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinjemu ndi mmene muli nchima, nkhulukulu za mapiko ofiira, ndi kambalame kosowa kotchedwa white-winged apalis, komwe anthu okonda mbalame amakwerera ndege kuchokera kutali kudzakafuna.

Opita patali amakafika kumphepete kwa kum'mawa, pa Queen's View ndi Emperor's View. Malo oyambawo anatchedwa choncho chifukwa cha ulendo wa Queen Mother, mayi wa mfumukazi ya ku Britain, mu 1957, ndipo achiwiriwo chifukwa cha Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, imene inafikapo mu 1965. Mpaka lero a chipembedzo cha Rasta amawalemekeza malowa. Kukakhala kowala, munthu amaona tauni yonse pansi pake, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndi phiri la Mulanje chakummwera. Kumadzulo kuli dzenje la Chingwe, lobisika m'kachitsamba pafupi ndi phompho loyang'ana chigwa cha Shire. Operekeza alendo amasimba kuti kale ankaponyamo adani a mafumu kapena anthu odwala khate, ndipo aliyense ali ndi muyeso wake wa kuya kwa dzenjelo. Pamalo ngati amenewa pamakhalanso anyamata ogulitsa miyala yonyezimira, yakuda yosongoka ndi ina yoonekera mkati, yokumbidwa makamaka ku Malosa.

Ndi bodza lofala kuti Amalawi sakonda kukwera mapiri. Amakwera, kungoti satchula kuti ndi masewera. Gulu la amayi a mvano lopita kukapemphera kuphiri, mnyamata wosala kudya amene wagona pathanthwe, mayi amene wakwera mbandakucha n'kutsika ndi mtolo wolemera asanadye kanthu, onsewa amalidziwa phiri kuposa mlendo wa nsapato zodula. Chatsopano m'zaka zaposachedwa n'chakuti magulu a ogwira ntchito m'maofesi, ophunzira a ku yunivesite ndi achinyamata a m'mipingo ayamba kukwera pofuna kulimbitsa thupi ndi kucheza, atamemezana pa WhatsApp. Amenewa ndiwo tsogolo la ntchito yokopa alendo paphiri pano, chifukwa amabwera chaka chonse, osadikira nyengo ya tchuthi ya ku Ulaya.

Kutenga woperekeza si ulesi. Misewu ya m'munda wa paini imafanana, ndipo mapu amene anajambulidwa mitengo ilipo amasocheretsa mitengoyo ikadulidwa. Nkhungu ya chiperoni ingatseke phiri m'mphindi zochepa, munthu osaonanso ngakhale mnzake amene ali patsogolo, pomwe phompho lili pafupi. Operekeza alendo a ku Zomba ali ndi bungwe lawo, ndipo ndalama imene amalandira ndi imodzi mwa njira zochepa zimene ndalama ya mlendo imalowera mwachindunji m'nyumba za m'midzi yozungulira phiri.

Za kugona m'tenti, chinthu choyamba ndi kuzizira. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku wa pamwambapo umalowa m'mafupa. Amene wanyamuka ku Liwonde atavala malaya amodzi amaphunzira mochedwa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula ndi yambiri, njira zimaterera, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, koma mathithi amakhala pachimake ndipo bowa amamera m'miombo. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino kuona patali, chifukwa ikafika Seputembala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chigwa chonse. Udzudzu ndi wochepa poyerekeza ndi kunyanja. Ovuta ndi anyani, amene amadziwa bwino kuti jumbo imatanthauza buledi, ndi linthumbu, lomwe likalowa m'tenti usiku aliyense amatuluka osatsanzika.

Malo amene akhala akudziwika kwa nthawi yaitali ndi ogona m'matenti ndi pa Trout Farm, m'mbali mwa mtsinje, ndipo malo ena ogona alendo paphiripo amalolanso matenti. Chifukwa chokhomera tenti pamalo ovomerezeka sichakuti wina apezepo ndalama chabe. Ndi nkhani ya chimbudzi ndi moto. Anthu 30 amene agona m'mphepete mwa damu popanda chimbudzi amasiya zimene mvula yoyamba idzakokolorere m'madzi akumwa, ndipo dziko limene linataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023 silingaione nkhani imeneyi mopepuka. Mabotolo, matewera a ana ndi mapepala a pulasitiki amene amatsala pa Williams likatha tchuthi amasonyeza kuti ambiri sanamvetsebe kumene madziwo akupita. Damu lenilenilo ndi lakuya, lozizira, la magombe otsetsereka, ndipo silosambira.

Moto ndiye mdani wamkulu kuposa nkhwangwa. Pansi pa paini pamakhala masamba ouma okhuthala, odzaza utomoni, ndipo mu Okutobala khala limodzi losiyidwa pamene anthu anawotcha nyama limakwanira. Komabe kungakhale kunama kunena kuti a matenti ndiwo amatentha phiri. Moto wambiri umachokera kwa osaka mbewa ndi nyama, ofula njuchi ndi utsi, osoza minda m'mapiko, owotcha makala, ndipo nthawi zina kwa anthu amene ali ndi chifukwa chofunira kuti mitengo ipse, poti mtengo wopsa umagulitsidwa msanga ndi motchipa. Kale paphiripo panali nsanja zoonera moto zokhala ndi alonda ndi magulu a antchito olambula njira zotchinga moto chisanafike chilimwe. M'zaka za m'ma 1990 antchito ambiri a m'minda ya mitengo ya boma anachotsedwa ntchito, ndipo kuyambira pamenepo kudula kwakhala kukuthamanga kuposa kudzala. Amene anafika pa Zomba zaka 30 zapitazo akabwera lero amadabwa ndi zitunda zambee zimene kale zinali mdima wa mitengo.

N'kosavuta kuloza chala mayi wa mtolo kapena bambo wa njinga. Koma mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, kuphatikizapo a m'tauni amene ali ndi magetsi osadalirika. Wowotcha makala ku Malosa ali ndi kasitomala, ndipo kasitomalayo nthawi zambiri ndi munthu yemweyo wa pa ofesi amene Loweruka amadandaula kuti phiri latha. Lamulo la zankhalango la 1997 linasinthidwa mu 2020 kuti zilango zikwere ndipo makala aziwerengedwa ngati katundu wa m'nkhalango wofuna chilolezo. Lamulo lakhwima, koma mbaula sizinasinthe. Komanso magalimoto akuluakulu otsika ndi matabwa amachotsa pa ulendo umodzi zimene amayi a mudzi wonse sangasenze pamwezi.

Palinso mfundo ina imene imasokoneza anthu ofuna yankho lachidule lakuti tingodzala mitengo. Si mtengo uliwonse umene umawonjezera madzi. Kafukufuku wa zaka zambiri m'mapiri a ku South Africa anasonyeza kuti paini ndi bulugama zodzalidwa pamalo amene kale panali udzu ndi zitsamba zimachepetsa madzi oyenda m'mitsinje, chifukwa zimamwa chaka chonse ndipo mizu yake imafika pansi. N'chifukwa chake dzikolo linayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995, yolemba anthu ntchito yodula mitengo yachilendo m'mbali mwa mitsinje. Pa Zomba phunziro lake ndi lakuti dambo la Mulunguzi ndi magombe a mitsinje ayenera kusiyidwa ndi udzu ndi mitengo yachilengedwe, paini akhale patali. Choopsa kwambiri si kusowa kwa paini. Ndi nthaka yosiyidwa pambalambanda, yopsa chaka ndi chaka, imene mvula ikagwa madzi amangothamanga pamwamba atanyamula dothi m'malo molowa pansi kuti adzatuluke pang'onopang'ono m'chilimwe.

Ndipo mitengo singaletse zonse. Mu Disembala 1946, phiri lili ndi nkhalango yake, chimvula cha masiku awiri chinagumula mapiko a Zomba, n'kukokolola milatho ndi kupha anthu m'tauni. Akuluakulu amati kunadutsa Napolo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsanso ku Soche, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje zimene phiri lokhuta madzi limachita. Nkhalango imachepetsa kukokoloka kwa mvula wamba ya chaka ndi chaka, komwe n'kumene kumadzaza damu ndi matope mwakachetechete, koma mvula yoopsa ikabwera nyumba zomangidwa m'njira ya madzi zimakhala pangozi ngakhale kumtunda kuli mitengo.

Tsono ndani alipire? Mlendo wa tsiku limodzi amene wabwera ndi chakudya chake m'galimoto, n'kugula kambale ka sitiroberi, wasiya ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wosamalira nkhalango. Ndalama yaikulu ili m'matabwa ndi m'madzi. Ya matabwa imatuluka paphiri mosavuta ndipo imabwerera movutikira. Ya madzi ndiyo ili ndi chifukwa chomveka chobwererera, poti bungwe logulitsa madzi likataya dambo lataya katundu wake. Mizinda ina inazindikira zimenezi kale. Ku Nairobi kuli thumba la ndalama lothandiza alimi a kumtunda kwa mtsinje wa Tana kuti asamale nthaka, ndipo ku Lilongwe asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama pamene zinaoneka kuti madamu a Kamuzu, amene amapatsa mzindawo madzi, ali pachiopsezo. Njira ya mfuti imagwira ntchito asilikali akadalipo. Njira yolipira anthu a pafupi ndi nkhalango imachedwa, koma imasintha maganizo a munthu amene ali ndi machesi m'thumba.

Pa Zomba pali chitsanzo chaching'ono cha njira yachiwiriyi. Bungwe la TREEZ, lomwe linayambitsidwa ndi eni a Zomba Forest Lodge, limagwira ntchito ndi midzi ya m'mapiko a phiri, ndipo limathandiza matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja amene amavomera kulambula njira zotchinga moto, kuthamangira moto ukabuka ndi kusamalira mitengo. Chidwi chake chili pa mtengo umene wapulumuka, osati pa mbande imene yangoikidwa m'dzenje. Limakonzanso mpikisano wothamanga paphiri, Run 4 Reforestation, wosonkhetsa ndalama za ntchitoyi. Apa ndi pamene wothamanga wochokera ku Blantyre amalipira mwachindunji mnyamata amene adzazimitse moto mu Okutobala.

Kusiyana kwa njira imeneyi ndi mwambo wozolowereka n'kwakukulu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo m'miyezi imeneyi makampani, mabanki ndi andale amakwera phiri ndi matisheti atsopano ndi atolankhani, n'kudzala mbande masauzande. Ikafika Seputembala sabweranso. Mbande ya chaka chimodzi siposa udzu woizungulira, ndipo moto ukadutsa kamodzi imathera pomwepo. M'malo ambiri amene anadula paini, zitsa za mitengo yachilengedwe zimaphuka zokha ngati moto waletsedwa kwa zaka zingapo, popanda kugula mbande ngakhale imodzi. Ntchito yotere ndi ya makasu ndi zikwanje mu Juni ndi Julayi, kulambula mizere m'zitunda udzu usanaumitsitse, kenako miyezi itatu ya anthu ogona khutu lili kunja mpaka mvula yoyamba itagwa. Pa bajeti za mabungwe amene amamwa madzi a Mulunguzi, kuyambira yunivesite mpaka mahotela, mzere wa malipiro a anthu amenewa ndi umene ukufunika kulembedwa chisanafike chilimwe chikubwerachi.